Aphunzitsi Anga Sapitirira Pangozi

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku loyamba kusukulu yoyendetsa galimoto. Munthu wa imvi, kukhala pabenchi limodzi ndi ana ofanana ndi mzime wanga. Manyazi osasimbika.

Chikhala kuti si sitiroko ya amuna anga, sindikanapondako. Chigwereni abambo mu Novembala, galimoto yangokhala pansi pa mtengo, mbalame zikuchitapo zawo. Mafizo, zolimbitsa ziwalo, kuchipatala kawiri pa sabata. A matakisi atikama mokwana. Wina sabata yatha anakana kunyamula wilitcheya, ati ikanda mipando.

Wachisamba pafoni dzulo: "Amayi, ingogulitsani galimotoyo. Misewu ya masiku ano si ya anthu akuluakulu." Ndinamuyankha kuti ndamva. Kumva ndinamvadi, koma ndapita.

Ndimayembekezera mphunzitsi wachibambo, wamimba, wolusa. M'malo mwake kwatuluka kamayi kafupi, koonda, tsitsi lometa, nsapato zachimuna. Amakhalira pilo kuti aone bwino kutsogolo. Anyamata a pabenchi andinong'oneza kuti anayendetsa mabasi akuluakulu a maulendo ataliatali zaka zambirimbiri asanayambe kuphunzitsa. Aliyense amangoti Aphunzitsi, ngakhale mwini sukulu.

Za zaka zanga sanafunse. Anangondiyang'ana siketi. "Mumasoka?" Kani tiulusi tinandikakamira. Ndinati eya, makatani. "Ndiye phazi lanu ndi lophunzira kale. Kilachi ndi makina osokera, safuna mkwiyo."

Galimoto yandizimira kambirimbiri pabwalo. Iwo phee. Osausa moyo ngakhale kamodzi.

Madzulo abambo, ndi lilime lawo lolemera lija: "Mwa... gunda... angati?" Kuseka koyamba chitulukireni m'chipatala. Pakamwa mbali imodzi, komabe kuseka.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero mumsewu weniweni. Thukuta mpaka m'nsapato.

Zaka zonsezi ndimakhala pambali pa abambo, maso pa mawindo a anthu, kuona makatani a anzanga. Msewu sindimauona. Lero ndauona. Minibasi kuima paliponse ngati ng'ombe yokhuta. Njinga zamoto kutulukira uku ndi uku ngati ngumbi. Anthu kuwoloka maso ali pafoni. Pamphambano yaikulu maloboti anafa kalekale, aliyense ndi bwana.

Pa raundabauti bambo wa njinga yakapalasa, mathireyi a mazira kupitirira mutu wake. Minibasi inangomukhudza pang'ono. Iye pansi, mazira phwaa, msewu wonse chikasu. Anthu kuseka. Kondakitala kutukwana. Minibasi ulendo.

"Imani m'mbali. Indiketa kaye."

Anatsika. Anadzutsa njinga, anamuona chigongono, anamutsuka ndi madzi a m'botolo lawo. Kenako onse awiri chowerama, kutola mazira amene anapulumuka, magalimoto akuwalambalala. Pomaliza anamulembera nambala ya minibasi ija padzanja. Anaiona nthawi yanji? Ine ndinangoona mazira.

Anabwerera ndi chikasu pansapato. "Tiyeni. Giya yoyamba." Ngati palibe chachitika.

Nthawi imene inatayika anandibwezera okha, ine osapempha. Wophunzira wotsatira anadikira, nkhope itatupa.

Loweruka, 8 Malichi

Makatani a kuhotela sakutha. Maso kuwawa. Ulusi wakwera mtengo.

Ndikuyeserera magiya pampando wa pabalaza, ambulera m'manja. Ndikalakwitsa abambo amamenya tebulo ndi dzanja labwino lija. Aphunzitsi awiri, mmodzi waulere.

Za Aphunzitsi zimene zandikhala m'mutu: "Musamakhulupirire indiketa ya munthu, muziyang'ana matayala ake akutsogolo. Indiketa imanama, tayala silinama." Ndi ija: "Hutala si bureki, amayi."

Sindinawamvepo akutukwana dalaivala mnzawo. Wina atatidula moipa, anangoti, "Mpatseni njira, mwina m'mimba mwamutsegula."

Lachiwiri, 11 Malichi

Ngozi lero.

Pamphambano ya maloboti akufa aja. Lole ya simenti ndi njinga yamoto. Phokoso silinali lalikulu, ngati munthu wagwetsa chidebe. Mnyamata anauluka n'kudzagwera pafupi ndi ife. Nsapato yake imodzi inatsala pakati pa msewu, itakhala bwinobwino ngati waivula pakhomo.

Ine ndinauma. Aphunzitsi anaponda bureki ya mbali yawo, kukoka ya pamanja, kuthamangira kubuti. Kani m'butimo amasungamo chikwama: magolovesi, nsalu zoyera, bulangete, madzi. Zogula okha, osati za sukulu.

Anthu anali atayamba kale kumukoka mikono kuti amudzutse. Wina akulimbana ndi chisoti kuti amuvule. Ena mafoni m'mwamba, kujambula. Sindimadziwa kuti m'kathupi kaja mungatuluke mawu otere. "Musiyeni! Amene agwedeze khosi lakelo athana ndi ine!" Onse anafutuka.

Anagwada paphula, mutu wa mnyamata pakati pa manja awo, osausuntha. N'kuyamba kugawa ntchito ngati ali pakhomo pawo. Wa malaya ofiira, imba ambulansi. Inu achemwali, gwirani nsalu iyi pamwendo, dinikizani. Kwa wina wojambula: "Foniyo m'thumba. Vula jekete, umutchingire dzuwa." Anavula.

Kenako ine. "Amayi a makatani! Tulukani. Imani apo, muzipatutsa magalimoto." Ndinatuluka. Pakati pa msewu, kukupiza mpango wanga. Mabasi kundimvera ine.

Nthawi yonseyo akulankhula naye, motsitsa, ngati mayi ndi mwana wodwala malungo. Timu imene amasapota. Mkazi wake. Ati ndi woyembekezera. "Ndiye usagone, mwananga. Ndiuze, akabadwa wamkazi udzamutcha ndani?" Mnyamata amayankha, kenako mawu amazilala, iwo n'kumufunsanso china.

Ambulansi inachedwa kwambiri. Phula lotentha, mawondo a munthu wamkulu. Sanasinthe ngakhale kakhalidwe. Atamunyamula anadzuka, anadzandira pang'ono, anavula magolovesi. Basi.

Pobwerera anayendetsa okha. Ndinawafunsa chifukwa chimene amaimira, ena onse akudutsa. Titakhota anati: "Ndimayamba ndayang'ana ngati wina waima. Kawirikawiri palibe."

Chakudya chandikanika.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindinapite. Mutu.

Lachisanu, 14 Malichi

Sindinapitenso. Ndikatseka maso, nsapato ija.

Ndikanakhala ine pachiwongolero cha lole? Kapena mwana wa munthu adzandilowere pansi chifukwa phazi lasokoneza bureki ndi moto?

Ndauza abambo kuti wachisamba amanena zoona, tigulitse. Anatembenukira kukhoma.

Lamlungu, 16 Malichi

Masana kugogoda pageti. Aphunzitsi! Atavala diresi, nsapato zomwe zija. Ati anangofunsira nyumba ya amayi osoka makatani, ana anawalondolera.

Zoti ndajomba sanatchule n'komwe. Anabwera ndi uthenga: mnyamata wa njinga ali moyo. Mwendo wathyoka pawiri, khosi alimanga, adokotala ati adzayenda. Anakamuona dzulo. Mkazi wake anawagwadira m'khonde la chipatala, iwo ati anathawa.

Ndinalowa kukhitchini ngati ndikukatereka tiyi. Ndinalira kaye.

Pobwera ndinawapeza akucheza ndi abambo za injini. Ndinaima pakhomo ndi thireyi. Abambo liwu limodzi limawatengera nthawi, ndipo tonse m'nyumba muno tinazolowera kuwamalizira. Ine, ana, ngakhale alendo. Aphunzitsi ayi. Amadikira, maso pa iwo, mpaka liwu lituluke lonse. Kenako n'kuwatsutsa! Ati mafuta amene abambo amathira si abwino kwa injini yakale. Abambo mpaka mitsempha ya m'khosi. Chigwereni palibe amene anakanganapo nawo. Nkhope inawala ngati kale.

Aphunzitsi tiyi anamwa ndi shuga wochititsa mantha. Atatha: "Achimwene, ndibwerekeni makiyi."

Abambo galimoto yawo ngakhale wachisamba samupatsa. Analoza okha pamsomali.

Batire linali litafa. Aphunzitsi anaitana aneba, tinakankha mpaka kumsewu, inatsokomola, inalira. Utsi bwalo lonse. Kenako anabwera kwa abambo ndi wilitcheya. "Phazi labwinolo patsogolo, achimwene. Gwirani phewa langa, si la galasi." Ndimaopa kuti agwa onse awiri. Sanagwe. Anawakhazika kumbuyo, anawamanga lamba.

Ine ndaima pageti, ndikuti ndiwabayibitse. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuzungulira mbali inayo.

Ndinalowa.

Tinangozungulira misewu ya kuno kwathu, giya yachiwiri, agalu akutipitirira. Kumbuyo ndikumva, "Ki... lachi. Pang'o... no." Pakalilole ndinaona abambo atatsamira windo, akuyang'ana masitolo, misozi ikutsika mbali yakufa ija. Ulendo woyamba wosapita kuchipatala.

Aphunzitsi anakana ngakhale ndalama ya basi. Potsanzika: "Lachiwiri, nthawi yomwe ija."

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndapita.

Lachinayi, 20 Malichi

Kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo. Ndagwetsa umodzi. Iwo: "Mgolo ulibe abale. Bwerezani."

Mumsewu lero: chivundikiro cha ngalande chabedwa, dzenje kukamwa yasa pakati pa njira. Magalimoto kungolizemba. Tinaima. Anakapempha tayala lakutha kwa okonza matayala, analiimika m'dzenjemo, anamangirira pulasitiki yofiira. Ati usiku wa njinga sangalione. Kutsogolo pang'ono agogo aamuna a ndodo aima pakati pa misewu iwiri, akulephera kumaliza kuwoloka. Anandiimitsa, anatulutsa dzanja pawindo, mzere wonse unaima. Mahutala kumbuyo ngati ukwati. Iwo osatekeseka mpaka ndodo inakwera mbali inayo.

Titafika kusukulu mwini wake anawaitanira mu ofesi. Chitseko sichitsekeka bwino, tonse tamva. "Ino ndi sukulu, si ambulansi! Anzanu amaphunzitsa anthu ambiri patsiku, inu muli kalikiliki kutola anthu m'misewu. Ndatopa nazo." Iwo: "Ndamva, bwana."

Anatuluka akusenda nthochi. Anandigawira theka.

Loweruka, 22 Malichi

Kunyamuka pachitunda. Kukanikabe, galimoto imabwerera m'mbuyo ngati mbuzi yokana chingwe.

A kuhotela sanalipirebe. Mankhwala a abambo atsala pang'ono, za mayeso zikufunikanso. Ndaika pambali kansalu kabwino kotsala, ndiwasokere Aphunzitsi chovala cha pilo wawo uja. Chimene chilipo chang'ambika m'makona.

Mayeso pa 4 Epulo.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndilembe lero lomwe, mawa mwina sindidzakhulupirira.

Mvula chiyambire m'mawa. Ndimaganiza kuti phunziro lilephereka. Iwo: "Kodi abambo amadwala masiku a dzuwa okhaokha?" Tinanyamuka.

Msewu wa kumsika. Minibasi yaima kutsitsa anthu. Kamtsikana ka yunifolomu katulukira kuseri kwake kakuthamanga, chikwama pamutu kuthawa mvula. Kutsogolo kwathu galimoto yoyera. Bureki inalira, matayala anatsetsereka pamadzi. Dalaivala sakanachitira mwina, ndinaona ndi maso angawa.

Lero sindinadikire kuuzidwa. Buti ndinatsegula ndekha.

Mwana ali maso, akulira, akuitana amayi ake, mutu ndi manja akugwedeza. Koma mwendo. Pantchafu magazi ngati pampopi. Aphunzitsi anamanga nsalu n'kuika manja anga pamenepo. "Dinikizani ndi mphamvu zonse, ngakhale alire."

Uku khamu lazinga galimoto yoyera. M'kati mtsikana wa msinkhu wa mzime wanga, wadzitsekera, manja kumaso. Kuigwedeza, kumenya magalasi. Wina akukuwa za petulo ndi machesi.

Anapita. Kamayi kaja, mvula ikukakwapula, kukaima chotsamira chitseko cha dalaivala. Mwala unachokera kumbuyo kwa anthu, unawapeza pamwamba pa diso. Magazi kutsika ndi tsaya. Sanagwirepo n'komwe.

"Mwatha? Mwana akutha magazi uko, inu muli pano." Analoza chimuna chimene chimatsogolera. "Iwe uli ndi mphamvu zogwedeza galimotowe, bwera udzandinyamulire mwana." Chinayang'ana anzake. Chinabwera.

A ambulansi pafoni ati msewu wawo watsekeka ndi madzi, sakudziwa kuti afika liti. Aphunzitsi anayang'ana nsalu, yofiira kale yonse. "Uyu sadikira." Chimuna chija chinamunyamula mosamala n'kumugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto ya sukulu. Iwo anabwerera, anatulutsa mtsikana wa galimoto yoyera, anadutsa naye pakati pa anthu atamugwira dzanja, anamukhazika kutsogolo. "Apolisi akakupeza kuchipatala, ukafotokoza konko." Kenako kumbuyo, manja onse awiri pantchafu ya mwana.

Mpando wa dalaivala wopanda munthu.

"Amayi a makatani, tikudikira inu."

Ndinaloza mtsikana uja, poti iye ali ndi layisensi. Koma ameneyo ngakhale lamba amalephera kumanga. Ndinati sindingathe. "Manja anga ali pantchito. Atsala ndi anuwo."

Za m'njira ndikukumbukira zidutswa. Mawaipa. Nthunzi pagalasi, mtsikana akupukuta ndi mkono wa bulauzi akulira. Mawu ochokera kumbuyo, osakwera osatsika. "Yachiwiri. Eya. Musathamange, tikufuna tikafike." Kenako kwa mwana, za aphunzitsi ake a masamu. Kenako kwa ine. Pamphambano ya maloboti akufa ndinatulutsa dzanja pawindo, ndinaliza hutala, lole inandipatsa njira. Pageti la chipatala pali kachitunda, mlonda anatiimitsa pakati penipeni. Ndinanyamuka osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Ndazindikira pano ndikulemba.

Anamwino atamutenga mwana ndinayamba kuwafunafuna Aphunzitsi kuti nawonso akawasoke. Palibe. Ndinakawapeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, atagwada, akusanza. Manja kunjenjemera moti botolo la madzi limawakanika kutsegula. Ndinawatsegulira. Ndinawagwira msana. Mafupa okhaokha.

"Musadabwe. Zimabwera nthawi zonse. Koma zili ndi ulemu, zimadikira ndimalize kaye." Ati tsiku la mnyamata wa njinga anakasanzira kuseri kwa ofesi, ine nditapita.

Ine ndimayesa kuti alibe mantha. Kani ali nawo ngati anga omwe.

Awasoka pamwamba pa diso. Mwana ali ku opaleshoni. Amayi ake afika ndi khanda kumbuyo, opanda nsapato.

Lachinayi, 27 Malichi

Aphunzitsi awachotsa ntchito.

Mipando yamagazi, wophunzira pachiwongolero popanda mphunzitsi kutsogolo, a inshuwalansi. Ndinalowa mu ofesi osagogoda, ndinafotokoza zonse, mawu mpaka kusasa. Mwini sukulu sanakalipe. "Amayi, ndikumva. Koma mukanagunda munthu m'njiramo, womangidwa ndikanakhala ine." Choipa n'chakuti sakunama kwenikweni. Komabe.

Iwo anali panja, bandeji padiso, akutulutsa chikwama chawo m'buti. Pilo m'khwapa. Anyamata a pabenchi onse anaimirira, palibe anawauza.

Ndinati ndine ndawachotsetsa. Anaseka. "Inu munangoyendetsa, ndipo munayendetsa bwino. Mawa zitachitikanso ndingakupatseninso chiwongolero." Kenako: "Tsiku la mayeso musasinthe. Mwapsa, mwakonzeka."

Foni yawo inalowa madzi dzulo, siikuyaka. Kumene amakhala sindikudziwa. Ndazindikira atakwera kale minibasi.

Lolemba, 31 Malichi

Mphunzitsi watsopano, mnyamata wonunkhira mafuta okwera mtengo. Si woipa. Maso pafoni.

Pa raundabauti takisi yagunda ngolo ya wogulitsa zipatso. Malalanje mbwee, mwini wake wakhala pansi wagwira phazi. Phazi langa linapita lokha pabureki. "Pitirirani, amayi, si zathu."

Ndinapitirira. Zandiwawa tsiku lonse.

Lachisanu, 4 Epulo

Ndakhoza.

Woyesa mayeso, bambo wosaseka, anangoti, "Anakuphunzitsani ndani kuyang'ana chonchi?" Wachisamba anakuwa pafoni mpaka ndinaichotsa kukhutu, ati ankadziwa kale. Bodza. Abambo agwira kapepala koti ndakhoza madzulo onse, akukana kundibwezera.

Ndayesa nambala ya Aphunzitsi. Siikupezekabe.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa lapendeka.

M'mawa ndawatengera ndekha abambo ku mafizo. Galimoto yathu, manja anga, popanda wopempha. Yazima kamodzi kokha, pamaso pa wapolisi. Anangondikodola kuti ndidutse.

Atatha mafizo ndinati tikazonde kamtsikana kaja. Ndakankha wilitcheya mpaka kuwodi ya ana. Bedi la pakona, mwendo uli m'mwamba pa zitsulo, mwana akuseka. Pambali pake, pampando wapulasitiki, atakhalira pilo, Aphunzitsi. Akumuphunzitsa zizindikiro za pamsewu, zojambula pa katoni ya mankhwala.

Mwendo wapulumuka. Amayi ake a mwanayo ali ndi khanda, abambo ake amagwira ntchito kutali, ndiye Aphunzitsi ndi amene akhala akumudikirira, usana ndi usiku, pampando womwewo. Anamwino amayesa ndi azakhali ake enieni. Mtsikana wa galimoto yoyera naye ati amabwera madzulo aliwonse ndi zipatso. Poyamba amayi a mwana samamuyankha moni. Pano amamusiyira khanda.

Aphunzitsi aonda. Ulusi padiso anachotsa, chatsala chipsera. Ndinawaonetsa kapepala. Anawerenga mpaka pansi, anandibwezera. "Nanga ndimati chiyani?" Basi. Koma anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Za ntchito: "Ndiyang'ana mwanayu akatuluka. Misewu siinathe."

Lero amayi a mwana anabwera kudzawalandira kuti akapumeko. Aphunzitsi amati akakwere minibasi. Abambo anamenya wilitcheya ndi dzanja, ine ndinatenga pilo wawo n'kutsogola. Analibe kuchitira mwina.

Anakhala kutsogolo. Ndinawakumbutsa kuti galimoto yathu ilibe bureki mbali yawoyo. "Ndaona." Anamanga lamba. Ati tipitirire msika, andiuza pokhotera.

Tinatsika kachitunda. Pamphambano yaikulu chipwirikiti cha masiku onse, minibasi, malole, njinga, wina akukankha wilibala pakati. Ndinadutsa. Ndimadikira kuti anene kanthu, kaya "yachiwiri," kaya "eya." Zii. Pa raundabauti ndinaba diso.

Agona. Mutu pawindo, pakamwa pang'ono yasa, manja pamiyendo ngati mwana. Munthu amene amaona nambala ya minibasi ikuthawa, wagona, ine ndili pachiwongolero, pakati pa tauni masana.

Msika tinaupitirira. Pokhotera sindikupadziwa. Ndinati ndiwagwedeze. Kumbuyo abambo, monong'ona, koma lonse bwinobwino: "Musawadzutse."

Ndabwera nawo kunyumba. Mabampu a mumsewu wathu ndawakwera ngati ndanyamula madzi m'beseni. Ndaimika pamthunzi, ndazimitsa, ndatsitsa magalasi. Abambo akana kutsika, ati chitseko chawo chimalira. Akhala kumbuyoko ngati mlonda, ana a aneba akayandikira akuwaopseza ndi chala.

Kamunthu kakang'ono, mkonono wa basi yaikulu. Ukumveka mpaka pano.

Tiyi wazizira kawiri. Ndayala bedi la mzime, mwina avomera kugona konkuno. Shuga atikwanira? Ndikapemphe kwa aneba.

Agwedezeka.

Ayi, angotembenuka.